Lathe yokonzera ndodo zowedzera: kutembenuza mota

Lolemba

Benchi ya lathe, makina ozunguza ndodo poikonza, yatha. Ndi thabwa la paini lotalika mamita awiri ndi theka, ndipo mutu wa makina uli kumanzere. Shafuti ndi bawuti yaitali ya M12 yodutsa m'mabeyaringi awiri. Kunsonga kwake kuli chogwirira ndodo chomwe ndapanga ndi kapu ya paipi ya PVC, ndi mabawuti atatu ovekedwa mphira wa chubu cha njinga kuti asakande ndodo. Kutsogoloku kuli timipando tiwiri ta mawilo, totsetsereka pa thabwalo, pomwe ndodo imagona ikamazungulira.

Mota ndi ya makina osokera, ija amamangirira kumbuyo kwa makina a atelala, ya 220V, pamodzi ndi chopondera chake. Pachitsulo chake palembedwa kuti imazungulira maulendo 6000 pa mphindi. Pule yake ndi ya mamilimita 20, ya pashafuti ndasema ya mamilimita 160, ndiye kuti liwiro latsika kasanu ndi katatu: ndikaponda mpaka pansi ndodo izizungulira maulendo pafupifupi 750. Pokulunga ulusi womangira mphete zodutsamo chingwe chowedzera sindidzafika pamenepo, koma posema chogwirira cha ndodo, pomwe wowedza amagwira, liwiro limenelo likufunika.

Ndodo zomwe zikudikira ndi za anzanga opita ku Mangochi kukawedza kampango ndi ncheni, zambiri zogulidwa zakale, mphete zina zothyoka, zina zadzimbiri. Ndakhala ndikukulunga pamanja, ndodo ili pa katoni yodula ngati V. Zimatheka, koma ndodo imodzi ya mphete zisanu ndi zitatu imakudyera tsiku.

Nditayatsa, vuto laonekera pompo. Ndodo ikuzungulira chakumtunda kwake kukubwera kwa ine. Kusemera, kumeneko ndiye koyenera, ndipo lathe ya matabwa iliyonse imazungulira chonchi, kuti chosemera chizikankhidwira pansi pa chotsamira chake. Koma kukulunga ulusi ndi nkhani ina. Ulusi wanga umachokera kutsogolo, pakati pa ine ndi ndodo, n'kukwera pamwamba. Kuti ndodo iziukoka, pamwambapo pazipita kutali ndi ine. Ikamabwera kwa ine, ulusi uyenera kudutsa kunsi, ndipo pomwe ukugwera sindikuonapo. Kukulunga mphete ndi ntchito ya maso. Mzere uliwonse ugone moyandikana ndi unzake, osakwerana, osasiya mpata, ndipo ukaphonya mzere umodzi umadzaonekera epoxy, guluu wopaka pamwamba pa ulusi, akauma, pomwe palibenso chochita.

Ndiye ndikufuna mbali zonse ziwiri pa makina amodzi.

Lachitatu

Mnzanga wina amene amakonza mawailesi a galimoto anabwera kudzaona. Atangomva anati, “Aise, imeneyo ndi nkhani? Sinthanitsa mawaya awiri a kupulagiwo basi.” Ndinamupatsa sikuludiraiva kuti asinthe yekha. Mota inazungulira mbali yomwe ija, liwiro lomwe lija.

Maganizo akewo sanali opusa, kungoti amachokera ku mamota a batire. Mota ya waipa, ya fani ya galimoto, ya tizidole ta ana, zonsezi zili ndi maginito enieni omatidwa mkati mwa chigoba. Maginitowo sasintha. Ukatembenuza mawaya, magetsi a mu amecha (gawo lozungulira la mkati mwa mota) okha ndiwo amatembenuka, ndiye mota imabwerera. Ya makina osokera ilibe maginito otero. Ili ndi makoyilo awiri m'mbali, ndipo magetsi omwe amadutsa m'makoyilowo ndi omwewonso amadutsa mu amecha, njira imodzi: kuchokera kupulagi, kulowa koyilo yoyamba, bulashi yoyamba (kachidutswa ka kaboni kokhula pa amecha, kopatsira magetsi), amecha, bulashi yachiwiri, koyilo yachiwiri, n'kutuluka. Ukatembenuza kupulagi, makoyilo atembenuka, amechanso yatembenuka, nthawi imodzi. Mbali zomwe zimakokana zikukokanabe, zomwe zimakankhana zikukankhanabe.

Ndipotu magetsi a m'nyumba mwathu amachita kale zimenezi okha. Ndi a 50Hz, kutanthauza kuti amatembenuka ka 100 pa sekondi iliyonse. Kukanakhala kuti kutembenuza kupulagi kumabweza mota yotere, bwenzi ikungonjenjemera pamalo amodzi. Ngakhale utaipatsa magetsi a batire okwanira, n'kusinthanitsa mawaya, izungulirabe mbali yake yomweyo.

Chofunika ndi kutembenuza chimodzi, china chikhale momwe chiliri. Kaya amecha, kaya makoyilo, koma osati zonse. Ndipo zimenezi sizichitikira kunja, mpaka utatsegula.

Loweruka

Ndisanatsegule ndayesa njira ziwiri zosakhudza magetsi, poti amene amaopa mawaya angazifune.

Yoyamba, kupingasa lamba kuti akhale ngati 8. Lamba wanga ndi wachikopa wobulungira, uja wa makina osokera opondera, wolumikiza ndi kawaya. Ukamupingasa, pule yaikulu imabwereradi. Koma mapule anga ali pafupi kwambiri, ndiye pomwe lamba wapingasanapo akukhulana mwamphamvu. Posakhalitsa pabenchi panali fumbi lachikopa, ndipo kawaya kolumikizira kamagunda nthawi iliyonse kakafika pamphambanopo, ndodo n'kudzidzimuka. Kudzidzimuka kumeneko pa ulusi sikufunika. Mapule akanatalikirana, njirayi ikanakhala yabwino ndithu, yopanda mtengo.

Yachiwiri, kutembenuza mota yonse kuti shafuti yake iloze kwina. Imeneyinso imagwira, ndipo amene akufuna mbali imodzi yokha achite zimenezi n'kuiwala nkhani yonse. Ine ndiye ayi, sindingamamasule mabawuti nthawi iliyonse ndikafuna kuchoka pa kusema kupita pa kukulunga.

Madzulo ndinadutsa kwa bambo wina wachikulire amene amakulunganso mamota opsa kumsika. Ndinawafotokozera. Anaitenga, anaizunguza ndi chala, n'kuyang'ana m'timabowo ta mphepo. “Itheka iyi mwanawe,” anatero. “Koma izithetheka kuposa kale, usadzadabwe. Komanso usamaitembenuze ili mkati mothamanga.” Ndinafunsa ngati ndiwasiyire. “Iyayi, kachite wekha, ndi mawaya awiri okha. Ukalephera ubwere.”

Sabata yotsatira, kutsegula mota

Pulagi yazulidwa kaye kukhoma, osangozimitsa swichi. Mabulashi ndachotsa ndisanamasule chigoba: tizivundikiro tiwiri takuda m'mbali, kamasula pang'ono kasipuling'i kamatulukira kokha. Ndaika chizindikiro pa bulashi iliyonse, yakumanzere ndi yakumanja, ndiponso mbali yomwe inayang'ana kumwamba. Pashafuti ya amecha pali timawashala topyapyala kumapeto onse awiri. Timeneti tisasokonezeke, tikasowa kamodzi amecha imasewera chamtsogolo ndi chambuyo.

Mkati muli monga ndimayembekezera. Mawaya awiri ochokera kunja akupita aliyense ku koyilo yake. Kumapeto ena a koyilo iliyonse kukutuluka kawaya kopyapyala kolowera ku kanyumba ka bulashi yomwe ili pafupi. Ndayeza ndi mita: makoyilo awiriwa akuwerenga pafupifupi mofanana, ndipo palibe yomwe ikukhudza chitsulo cha chigoba. Mkuwa womwe mabulashi amakhulapo unali wakuda, ndaupukuta ndi sandipepa wosalala kwambiri, n'kuchotsa fumbi la m'timizere take ndi kamtengo kosongola.

Ndikanangofuna kubweza mota kamodzi kokha, apa ndikanapingasa timawaya tiwirito: ka koyilo yoyamba kupita ku bulashi yachiwiri, ka koyilo yachiwiri kupita ku bulashi yoyamba. Basi. Koma poti ndikufuna swichi, ndatichotsa tonse pa mabulashi, n'kutulutsa mawaya anayi kunja: awiri ochokera kumakoyilo, awiri ochokera kumabulashi.

Pano ndi pomwe pandidyera nthawi. Waya wa koyilo ndi wopyapyala, wopakidwa vanishi, ndipo ukaukoka pang'ono umadukira mkati mwa koyilo momwe sungaupezenso. Ndinapala vanishi ndi lumo mofatsa, n'kulumikiza waya wokutidwa bwino, kuwotcherera, kuveka kachubu kotetezera, kenako kumanga cholumikizacho ku koyilo ndi ulusi womwewu wa ndodo kuti chisagwedezeke. Malo mkatimo ndi ochepa zedi. Waya aliyense ayenera kudutsa m'mbali, kutali ndi amecha, chifukwa chinthu chozungulira ka 6000 pa mphindi chikangokhudza waya chimamusenda nthawi yomweyo. Nditatseka ndazunguza ndi chala, khutu lili pachigoba, kumvetsera ngati pali chokhula. Zii.

Bowo lotulutsira mawaya ndaboola kumbuyo, n'kuikamo mphira kuti m'mphepete mwa chitsulo musadule waya. Awiri a mabulashi ndi ofiira, a makoyilo ndi akuda, kuti ndikadzatsegulanso chaka chamawa ndisadzayambe kulota.

Swichi

Swichi yake ndi ya miyendo isanu ndi umodzi, imene ogulitsa amaitchula DPDT, yokhala ndi malo atatu: uku, pakati pozimitsa, ndi uko. Pathupi pake palembedwa 250V. Izi muziyang'ana, poti m'mashopu a zida za galimoto muli ena ooneka chimodzimodzi koma opangidwira 12V.

Miyendoyo ili m'mizere iwiri, itatu itatu. Mawaya ofiira a mabulashi apita pa miyendo iwiri yapakati. Akuda a makoyilo apita pa miyendo iwiri ya kumapeto amodzi. Kenako timawaya tiwiri tatifupi tachoka pa miyendo yomweyo ya akudawo n'kupingasana ngati X kupita pa miyendo iwiri ya kumapeto enawo: wakumanzere kupita kumanja, wakumanja kupita kumanzere. Swichi ikagwera uku, koyilo yoyamba ikumana ndi bulashi yoyamba monga kale. Ikagwera uko, magetsi adutsa pa X uja, koyilo yoyamba ikumana ndi bulashi yachiwiri. Ikaima pakati njira yaduka, mota siyenda ngakhale upondereze chopondera.

Koma isakunamizeni. Swichi ili pakati, miyendo yake ikhoza kukhalabe ndi magetsi a 230V. N'chifukwa chake ndaitsekera m'kabokosi ka pulasitiki kamene amaika masoketi, komangidwa pabenchi, ndipo chigoba cha mota ndachilumikiza ku waya wa efi, uja woteteza kuti munthu asagwidwe ndi magetsi. Ndisanalowetse pulagi ndayezanso ndi mita mbali zonse ziwiri: njira ilipo uku, ilipo uko, pakati palibe, ndipo palibe mwendo womwe ukukhudza chigoba.

Chopondera sindinachikhudze. Icho chimangochepetsa kapena kuwonjezera magetsi opita ku mota, za mbali sichidziwa.

Kuyesa

Lamba wachotsedwa poyamba. Swichi uku, kuponda pang'ono: mota ikuyenda monga mwa masiku onse. Kudikira iime. Swichi uko, kuponda: yabwerera.

Madala aja sananame. Poyang'ana m'timabowo, mbali yakale kumangooneka timbaliwali tating'ono tabuluu m'mphepete mwa bulashi. Mbali yatsopano moto ukuthetheka ndithu, ndipo kulira kwake n'kokalipa. Zifukwa zake zilipo ziwiri. China, mabulashi anadyeka motsatira mbali imodzi zaka zonsezi, ndiye akabwezedwa amakhudza ndi kansonga kokha. Chimenechi chimatha chokha. Ndaisiya ikuyenda pang'onopang'ono yopanda katundu kwa kanthawi, ndipo kuthethekako kwachepa mooneka. Chinacho sichitha: mamota ambiri opangidwira mbali imodzi, mabulashi ake amaikidwa mopendekera pang'ono kuti asamathetheke mbali imeneyo. Ukawabweza, kupendekera komwe kumathandiza kuja kumakhala kukulimbana nawe. Mphamvu imachepako, mabulashi amatha msanga.

Kwa ine izi zagwa bwino. Ntchito yolemera, yosema ndi kukhula chogwirira, ikuchitika mbali yakale yomwe mota inapangidwira. Mbali yatsopano ndi ya ulusi, yomwe siifuna mphamvu, liwiro lake n'lochepa, ndipo ndimaponda kwa masekondi ochepa n'kusiya. Mota ikanakhala yoti izigwira ntchito yolemera chobwerera tsiku lonse, sindikanavomera.

Lamba atabwerera, ndinamanga kandodo kakale koyesera. Nditaponda chobwerera, ndodo inazungulira pang'ono n'kuyamba kutsalira, kenako chogwirira chonse chinayamba kuyenda chotuluka pashafuti. Mazinga a bawuti ya M12 ndi akumanja. Pamene pamwamba pa ndodo pakubwera kwa ine, kulemera kwa ndodo kumamangitsa nati. Mbali inayo kumaimasula. Pule yaikulu nayonso inali itayamba kumasuka mwakachetechete.

Mankhwala ake: manati awiri omangana mwamphamvu kumbuyo kwa chogwirira, awirinso pa pule. Pa chogwirira ndawonjezera kubowola nati ndi shafuti pamodzi n'kulowetsa kamsomali kodula, kopinda kumapeto. Guluu wa mazinga ndinamuganizira, koma chogwirirachi ndidzafuna kumachisintha ndodo zikakhala zonenepa. Pule yaing'ono ya pamota inalibe vuto, ili ndi kasikuluwu kake ka m'mbali kokanikiza pashafuti.

Za kusatembenuza ili mkati mothamanga, swichi ya malo atatu ikuthandiza yokha, chifukwa dzanja limaima kaye pakati. Ukadumphitsa uku n'kupita uko phazi lili pa chopondera, amecha ikuthamangira kwina magetsi akuikankhira kwina, mabulashi ndi miyendo ya swichi ndi zomwe zimalipira. Pabenchi ndalemba ndi cholembera chakuda: KUSEMA kumanzere kwa swichi, ULUSI kumanja.

Mphete yoyamba

Ndodo ya fiberglass, mphete yachitatu kuchokera kuchogwirira. Phazi la mphete ndalisongola ndi fayilo kuti ulusi ukwere popanda chitunda, n'kuigwiriza pandodo ndi katepi kopyapyala. Ulusi ndi wa nayiloni, saizi D, poti ndodoyi ndi yolemera. Pa ndodo zopepuka ndimagwiritsa saizi A. Ulusi wa atelala ndinausiya kale: uli ndi tiubweya tomwe timaimirira epoxy akaunyowetsa, ndipo wina umabwera wopakidwa mafuta oti uziterera pa singano, omwe amathamangitsa epoxy n'kusiya timaenje.

Mizere yoyamba ndazunguza ndi dzanja mpaka ulusi utadzipana wokha, ndadula kamchira, kenako phazi pa chopondera. Tsopano ulusi ukugwera pamwamba penipeni, pomwe nyale ikuwala, ndipo chikhadabo cha chala chachikulu chikutha kuukankhira kwa unzake uku ndodo ikuyenda. Pofika pokwera phazi la mphete ndasiya kuponda, ndapitiriza ndi dzanja, chifukwa chopondera changa sichidziwa kuyamba mofatsa: chimang'ung'udza kaye, kenako n'kulumpha. Ichi ndi chilema cha mota ya mtundu uwu pa liwiro lotsika, ndipo kubweza kuja kwachiwonjezera pang'ono. Ndikuganiza zoika pule ina pakati kuti liwiro litsikenso, mota izithamanga momasuka ndodo ikuyenda pang'onopang'ono.

Phindu lomwe sindinaliwerengere: ulusi utakwerana pamalo ena, ndinangoika swichi mbali ya KUSEMA, kugunda chopondera pang'ono, mizere yolakwikayo n'kumasuka uku ndikukokera ulusi kwa ine.

Choumitsira

Epoxy wa pa ulusi amasakanizidwa magawo awiri ofanana, ndipo amatenga maola angapo asanagwire. Nthawi yonseyo ndodo izizungulira pang'onopang'ono, apo ayi amatsikira kunsi n'kuuma ngati dontho. Mota ya makina osokera singachite zimenezi, ingapse. Ndiye kumapeto ena a benchi ndaika kamota kozunguza mbale ya mu microwave yakufa. Palembedwa 220-240V, 4W, 5/6 r/min. Manambala awiri omalizawo akutanthauza maulendo 5 pa magetsi a 50Hz ngati athuwa, 6 pa a 60Hz ngati a ku America, poti liwiro la mota yotere limatsatira magetsiwo. Werengani chizindikiro musanalumikize, chifukwa timamota tina ta mu microwave ndi ta 21V kapena 30V ngakhale tikuoneka chimodzimodzi. Ndipo kamotaka kamachotsedwera kunsi kwa microwave. Chivundikiro chachikulu musatsegule, mkatimo muli kapasita yosunga magetsi okwana kupha munthu ngakhale pulagi itazulidwa.

Aka ndiye kali ndi khalidwe lakelake. Ukayatsa kamapita mbali yomwe kafuna, ukazimitsa n'kuyatsanso mwina kabwerera, ndipo ukakagwira kuti kaime kamatembenuka kokha. Pachizindikiro palembedwa CW/CCW, ndiko kunena kuti n'kopangidwa choncho. Palibe waya woti usinthe, palibe swichi yomwe ingakalamule. Poumitsa zilibe kanthu. Popaka epoxy ndi bulashi ndimafuna pamwamba pazipita kutali ndi ine, ndiye ndimangozimitsa ndi kuyatsa mpaka katavomera. Chogwirira chake n'cholowetsa pa shafuti yosema mbali imodzi, ndiye za kumasuka kwa mazinga kulibe.

Chomwe chatsala ndi magetsi. Akazima epoxy ali wamadzi, umakhala pabenchi kutembenuza ndodo ndi dzanja theka theka mphindi zingapo zilizonse mpaka agwire. Ndapeza mota ya waipa ya 12V yoti iziyendera batire. Iyi kubweza kwake n'kosavuta, swichi yomwe ija ya X pa mawaya ake awiri, koma pali zinthu ziwiri zoti ndisamale. Pa mamota ambiri a waipa bulashi imodzi imalumikizidwa ku chigoba, ndiye ukatembenuza mawaya chigoba chonse chimakhala mbali ya pozitivi. Ndiimangirira pa thabwa, isakhudze chitsulo chilichonse cha pabenchi, ndipo fyuzi ikhala pafupi ndi batire. Chachiwiri, imathamanga kwambiri kuposa momwe choumitsira chimafunira, ndiye pafunika kabokosi ka PWM kochepetsa liwiro. Swichi yobwezera ikhale pakati pa kabokosiko ndi mota. Ikakhala pakati pa batire ndi kabokosi, tsiku loyamba kuitembenuza kabokosiko kapsa.

Kabokosi ka PWM sikanafike. Pakadali pano ndikusema pule yapakati ija, ya mamilimita 100 mbali imodzi ndi 30 mbali inayo, ndipo mphete zotsala za ndodo ya fiberglass ndizikulunga Loweruka.